Manja a Mayi Wogulitsa Usipa

Zithunzi 14 zimene mnyamata wina wa ku Ntcheu anatumiza koyamba ku kampani yogulitsa zithunzi pa intaneti zinakanidwa zonse tsiku limodzi. Uthengawo anauwerenga Lamlungu madzulo, atakhala pakhomo la kachipinda kamene amachita lendi kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Olievenhoutbosch. Chifukwa chake chinali chimodzimodzi pa chithunzi chilichonse: n'chaching'ono. Iye sanamvetse, pakuti pa foni yake zithunzizo zinkadzaza galasi lonse, ndipo ngakhale nthunzi ya nsima inkaoneka ikufuka pa mbale.

Olievenhoutbosch, yomwe okhalamo amangoti Olieven, ili m'dera la Centurion, kumwera chakumadzulo kwa Pretoria, m'mphepete mwa msewu wa R55. Inayamba ndi zisakasa m'zaka za m'ma 1990, ndipo pa kalembera wa 2011 munali kale anthu oposa 70,000. Mmamawa uliwonse mateksi amanyamula anthu kupita nawo ku nyumba za mipanda za ku Centurion ndi Midrand, kumene amakasesa, kusamala maluwa, kulera ana ndi kumanga. Mnyamatayu ndi mmodzi wa iwo, ndipo pakati pa sabata amayala matayilosi. Loweruka ndi Lamlungu amatenga kamera imene anagula yogwirapo kale ntchito, n'kumajambula zinkhoswe, maukwati, misonkhano ya mpingo, ndi mapemphero otsanzikana ndi thupi la Mmalawi amene akubwerera kwawo m'bokosi.

Ganizo logulitsa zithunzi linabwera ndi mphwake, mwana wa mlongo wake, amene amaphunzira ku Pretoria ndipo ali ndi laputopu. Tsiku lina ankakonza chikalata choitanira anthu ku phwando la Amalawi, ndipo anafuna chithunzi chabwino cha chakudya cha kwawo. Atalemba dzina la dziko lawo m'malo ofufuzira, kunatuluka mbendera, mapu, gombe la nyanja dzuwa likulowa, ndi mbuna zambirimbiri zosambira m'magalasi a anthu oweta nsomba ku Ulaya. Atalemba "nsima", kunatuluka zochepa, ndipo zina mwa izo sizinali nsima yomwe munthu wa ku Lizulu angaivomereze. Mnyamatayo ananena mwanthabwala kuti nsomba za ku Malawi zinafika kutali kuposa eni ake. Mphwakeyo anayankha kuti, "Ndiye bwanji osajambula inuyo, amalume?"

Makampani otere ali ngati nkhokwe. Ojambula a m'mayiko onse amathiramo, ndipo ofuna chithunzi cha m'buku, m'nyuzipepala kapena cha malonda amabwera kudzatapa. Kusiyana kwake n'kwakuti chimanga chikatapidwa chimatha, pamene chithunzi chimodzi chimagulidwa kambirimbiri osachoka m'nkhokwemo, chifukwa wogula amangolipira chilolezo chochigwiritsa ntchito. Getty Images inakhazikitsidwa mu 1995, Alamy mu 1999 ku England, ndipo Shutterstock inayamba mu 2003 ku New York pamene Jon Oringer anaika pa intaneti zithunzi 30,000 zojambula yekha. Nkhokwe iliyonse ili ndi alonda ake pakhomo, anthu kapena makina, amene amapeta zonse zobwera. Chinthu choyamba chimene amayeza ndi chimene Azungu amati resolution.

Mawu amenewa alibe mnzake wokhazikika m'Chichewa, ndipo zimenezi n'zimene zinachedwetsa mnyamatayo kumvetsa. Mneni wakuti kujambula ndi wotakasuka kwambiri: mwana amajambula nyumba ndi pensulo, woimba amajambula nyimbo, dokotala amajambula chifuwa, mtolankhani amajambula msonkhano. Ku Lusaka munthu amapempha mnzake kuti amukope, mawu amene Mmalawi angawamve ngati a chibwenzi, ndipo ku Tete ambiri amangoti foto. Koma pofika pa resolution, aliyense amatola chimene chili pafupi. Mphwake uja ankati kwalite. Mnyamatayo ankati mphamvu ya chithunzi. Ena amati kuwala, ena kuoneka bwino, ndipo mawu onsewa amasocheretsa, chifukwa amanena za mmene diso likuonera, pamene alonda a nkhokwe saona ndi diso koma amawerenga.

Chimene amawerenga ndi timadontho. Chithunzi cha pa kompyuta chili ngati nsalu yolukidwa ndi mikanda, mkanda uliwonse uli ndi mtundu umodzi. Ukaima patali umaona nkhope, ukayandikira umaona mikanda. Kamkanda kamodzi ndiko pikiselo, ndipo miliyoni imodzi ya timikandato ndiyo megapikiselo. Kamera ya mnyamatayo imaluka timadontho 6,000 m'litali ndi 4,000 m'lifupi, kutanthauza mamegapikiselo 24. Shutterstock ndi Adobe Stock salandira chithunzi chosakwana mamegapikiselo 4, ndipo Alamy imafuna pafupifupi 6. Ndiye kamera ya 24 ingakanidwe bwanji?

Yankho linali m'njira imene zithunzizo zinayenda. Mnyamatayo anazikopera m'foni, n'kuzitumiza kwa mphwake pa WhatsApp monga mmene amatumizira china chilichonse, ndipo mphwakeyo anazitsitsa pa laputopu n'kuzipereka ku kampani. Pofuna kusunga deta ya anthu, WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwa njira yamasiku onse mpaka mbali yake yaitali itatsala ndi timadontho pafupifupi 1,600. Chithunzi cha 6,000 ndi 4,000 chinafika chili 1,600 ndi 1,067. Pa timadontho 24 miliyoni panatsala tosakwana 2 miliyoni, ndipo palibe anazindikira, popeza galasi la foni ndi laling'ono ndipo silikhala ndi malo oonetsera zimene zinatayikazo. Njira yozemba vutoli ilipo: kutumiza chithunzi ngati Document, kapena kungotenga kakhadi ka m'kamera n'kukalowetsa mu laputopu. Koma zithunzi zoyambirira za 14 zija anali atazifufuta kale kuti apeze malo ojambulira ukwati wina.

Mphwake anayesa nzeru yomwe pafupifupi aliyense amayesa. Anatsegula chithunzi pa kompyuta n'kuchikoka kuti manambala afike 4,000. Manambalawo anafikadi, koma nsima inasanduka mtambo, ndipo m'mphepete mwa mbale munachita mano. Kompyuta ikauzidwa kuti ikulitse, imangoyerekeza mtundu wa mkanda umene ukanakhala pakati pa mikanda iwiri, ndipo sidziwa kuti pamenepo panali kanjere ka mchere kapena mng'alu wa chipande. Makampaniwa amaletsa poyera kukulitsa kotere, ndipo oyeza amakuzindikira msanga akayang'ana chithunzi pa mlingo wa 100 peresenti, pamene kadontho kamodzi ka chithunzi kamakhala pa kadontho kamodzi ka galasi.

Mnyamatayo sanatsutse, chifukwa phunziro limeneli anali atakumana nalo kale m'njira yowawa. Agogo ake aakazi, amene anamulera, anamwalira iye ali ku Joni, ndipo sanathe kupita kumaliro. Patatha chaka, pokonzekera kumanga chiliza, mlongo wake anamuimbira kuti, "Achimwene, inu ndinu ojambula, tikulitsireni chithunzi cha agogo tikachipachike m'nyumba." Chithunzi chinalipo chimodzi chokha. Anajambula ndi mdzukulu wina pa foni imene inagwera m'madzi kalekale, ndipo chimene chinatsala ndi chija chinayenda m'gulu la banja, kuchoka foni ina kupita ina, wina n'kuchijambulanso pa galasi. Pa foni agogowo ankaoneka ndithu, atakhala pa mkeka, duku lili kumutu. Pa pepala lalikulu nkhope yawo inasungunuka. Anayesa pulogalamu ina ya nzeru zopangidwa imene imalonjeza kukonza zithunzi zakale, ndipo inatulutsa mayi wokongola, wa khungu losalala ndi mano oyera ondondozana. Mphini zimene agogowo anatemedwa pamasaya ali namwali zinachotsedwa ngati litsiro. Mlongo wake atachiona anangofunsa kuti, "Amenewa ndi ndani?" Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo m'nyumba ya ku Ntcheu muli kachithunzi kakang'ono ngati chikhatho, kamene sikanakulitsidwe.

Chodabwitsa n'chakuti chithunzi cha agogo ake aamuna, chimene anajambulitsa m'situdiyo ali ku migodi m'masiku a Wenela, atavala jekete ndi chipewa, chikadali chakuthwa mpaka lero, ngakhale kuti mphemvu zinadya ngodya imodzi.

Ulendo wachiwiri anayamba ndi kuphunzira kuwerenga manambala oyenera. Panali chisokonezo china chimene chinamudyera sabata yathunthu: nambala ya 72 kapena 300 yotchedwa dpi imene imaoneka pa mbiri ya fayilo. Mnzake wina wosindikiza makadi a maukwati anamuuza kuti chithunzi cha 72 n'chachabe. Zoona zake n'zakuti nambalayo imangonena kuti timadontho tingati tidzathithikane pa inchi imodzi ya pepala posindikiza, ndipo munthu akhoza kuisintha popanda kuwonjezera kapena kuchotsa kadontho ngakhale kamodzi. Osindikiza mabuku amakonda 300. Pa mlingo umenewo tsamba la A4 limafuna timadontho 2,480 ndi 3,508, pafupifupi mamegapikiselo 8.7, ndipo chithunzi chodutsa pa WhatsApp chija chingadzaze bwino malo osaposa positikhadi. Malire a mamegapikiselo 4 ndi khomo lolowera chabe. Wogula amene akufuna chikuto cha buku amadumpha chithunzi chaching'ono n'kutenga cha wina, motero nzeru yake ndi kutumiza chithunzi pa ukulu umene kamera inachibala, osachepetsa, osakulitsa, chili JPEG yosafinyidwa kwambiri.

Komabe timadontho tambiri si chitsimikizo cha chithunzi chabwino. Mafoni ambiri olembedwa kuti ali ndi mamegapikiselo 48 kapena 50 amaphatikiza timadontho tinayi kukhala kamodzi n'kutulutsa chithunzi cha 12 kapena kupitirira pang'ono, chifukwa kadiso kawo n'kakang'ono ndipo kamasowa kuwala. Ngakhale kamera yeniyeni ikajambula m'chipinda cha babu limodzi, mumdima wa chithunzi mumamera timachenga tamitundumitundu, chimene ojambula amati noise. Zithunzi zisanu za ulendo wachiwiri zinagwa pa chifukwa chimenechi. Kuyambira pamenepo nsima yojambula inkaphikidwa mmamawa Loweruka, n'kuikidwa panja pa tebulo mumthunzi wa khoma, ndipo anansi a Chipedi ankaseka kuona mwamuna wamkulu akugwadira mbale ya chakudya chikuzizira. Mafayilo ake anali olemera, moti ankadikira pakati pa usiku, pamene mabandulo amatsika mtengo, kuti awatumize.

Zithunzi zitayamba kulandiridwa, panatulukira ntchito ina imene sanaiyembekezere, ndipo iyi ndi imene ili ndi kanthu kwa okonda chinenero. Chithunzi cha m'nkhokwe sichipezeka ndi maso, chimapezeka ndi mawu. Wojambula amalemba mutu ndi mawu ofufuzira, ku Shutterstock osachepera 7 ndi osaposa 50, ndipo msika wake waukulu umayankhula Chingerezi. Apa chinthu chilichonse cha m'khitchini ya Mchewa chinayenera kudutsa pa sefa yachilendo. Nsima inakhala porridge, ngakhale kuti mwana aliyense amadziwa kuti phala ndi nsima n'zosiyana, ndipo kupatsa mlendo phala m'malo mwa nsima n'kumunyoza. Kuti ipezeke inayenera kubwerekanso mayina a anansi: pap, sadza, ugali, nshima, xima. Ndiwo zinakhala relish, mawu amene Mmalawi ndi Mzambiya amawamva bwino, koma wa ku America amaganiza za tizipatso tam'botolo tothira pa soseji. Mthiko ndi chipande zonse zinagwera mu wooden spoon, ngati kuti chovundulira ndi choomolera n'chimodzi. Nkhwani, chisoso, bonongwe ndi mpiru zinasanduka green vegetables. Makina omasulira atafunsidwa za mtanda wa nsima anapereka mtanda wa kutchalitchi, ndipo mawu akuti ndiwo anawamva ngati "ndi iwowo".

Zimene zimachitika pamenepa sizisiyana ndi zimene zinachitikira zithunzi 14 zija. Chinenero chili ndi timadontho tambiri pamene eni ake amasamala, ndipo chikadutsa m'chinenero china chimafika chitachepa, wolandira osadziwa kuti pali chimene chasowa. Mnyamatayo anasankha kulemba zonse ziwiri. Mawu a Chingerezi ankawaika kuti wogula apeze chithunzicho, ndipo pambali pake ankalemba nsima, ndiwo, mthiko, chigumu, thobwa, chitenje, ngakhale mphwake ankanena kuti palibe amene adzafufuze ndi mawu amenewo. Mwina mphwakeyo ankanena zoona pa nkhani ya ndalama. Koma malo a mawu analipo okwanira, ndipo kuwasiya opanda kanthu sikukanapindulitsa aliyense.

Chithunzi chake chabwino koposa sichinali cha nsima. Pafupi ndi pokwerera mateksi pamakhala mayi wina wa ku Nkhotakota amene amagulitsa nsomba zouma, nyemba ndi ufa, katundu wobwera ndi mabasi odzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Madzulo ena dzuwa litapendeka, mnyamatayo anawajambula akuunjika timilu ta nsomba pa thumba, akuseka ndi kasitomala. Kuwala kunagwa bwino, ndipo pa 100 peresenti munthu ankatha kuwerenga makwinya a m'mbali mwa maso awo. Koma chithunzi cha munthu wozindikirika sichigulitsidwa kwa otsatsa malonda popanda chikalata chotchedwa model release, pamene mwini nkhope amalemba dzina lake lonse ndi kumene amakhala, n'kusayina kuti walola.

Anapita nacho chikalatacho Loweruka lotsatira, n'kunjuta pambali pa thumba lija.

"Mayi, chithunzi chanu chija chatuluka bwino kwambiri. Ndimati musayine apa kuti ndichigulitse."

"Chikapita kuti, bambo?"

"Kulikonse kumene angachifune. Ku Ulaya, ku America, konkuno."

"Konkuno?" Mayiwo anasiya kuunjika. "Ndi dzina langa lomwe? Inu mukufuna ndikagone ku Lindela chifukwa cha usipa?"

Masiku 30 amene anawadindira pa Beitbridge anatha kalekale. Koma sanathere pamenepo. Anafunsa kuti wogulayo adzalemba chiyani pansi pa nkhope yawo, ndipo mnyamatayo anavomereza kuti sadziwa: mwina za ngongole, mwina za mankhwala, mwina za njala ya mu Africa. "Ana anga kumudzi amadziwa kuti mayi awo ali pantchito ku Joni," anatero mayiwo. "Sindikufuna adzandione ndili chikhalire m'fumbi, wina atalemba kuti thandizani osauka."

Mawu akuti chithunzi amachokera pa tsinde limodzi ndi mthunzi ndi chithunzithunzi. M'Chizulu, chimene chimamveka tsiku lililonse m'mateksi a ku Gauteng, isithunzi ndi mthunzi wa munthu komanso ulemu wake, ndipo m'Chipedi mawu akuti seriti amanyamula matanthauzo awiri omwewo. Mayi wa ku Nkhotakota sankafunika kudziwa zimenezi kuti azindikire chimene ankapemphedwa.

Panali njira yodutsira pambali. Makampaniwa amalandira zithunzi za anthu popanda chikalata ngati zaperekedwa monga za nkhani, zomwe amati editorial, zogwiritsidwa ntchito m'nyuzi ndi m'mabuku osati pa malonda. Mphwake anamukumbutsa zimenezi, ndipo malamulo a kampani akanamulola. Koma chithunzi chotere chimafuna kuti wojambula alembe malo ndi tsiku. Nkhope yakuthwa chonchija, pansi pake palembedwe Olievenhoutbosch! Awa ndi malo amene kumapeto kwa 2005 ndi kumayambiriro kwa 2006 anthu obwera anathamangitsidwa, nyumba zawo kuwonongedwa, zaka ziwiri zisanachitike zipolowe za mu May 2008 zimene zinapha anthu 62 m'dziko lonse. Obwera a ku Olieven amadziwa kuti kusaoneka kwambiri ndi mbali ya chitetezo chawo. Mnyamatayo nayenso ndi wobwera, ndipo ganizo la mphwake analikana.

Apa m'pamene mamegapikiselo 24 anagwira ntchito imene sanawagulire. Usiku umenewo anatsegula chithunzicho n'kuyamba kudula. Anachotsa nkhope, mapewa, kasitomala, ndi chikwangwani cha sitolo chimene chinali kumbuyo. Anachotsanso m'mphepete mwa chitenje, chifukwa chinali cha chigwirizano cha amayi a mpingo ndipo zilembo zake zinkawerengeka. Chimene chinatsala ndi manja awiri, opanda mphete kapena chipsera, akutsanulira tinsomba tonyezimira pa thumba, dzuwa likuwomba pa zala. Anayang'ana manambala: 2,600 ndi 1,800, kutanthauza timadontho 4,680,000. Chinadutsa malire a 4 miliyoni ndi pang'ono pokha. Chikanakhala chojambulidwa pa ukulu wochepa, kapena chikanayenda pa WhatsApp, pakanasowa podula.

Asanatumize anapita kukawaonetsa mayiwo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kutembenuza manja awo enieni ngati akuyerekeza. "Awa akhoza kukhala manja a munthu aliyense," anatero. "Tumizani. Koma mugule kaye mulu umodzi."

Chithunzicho chinalandiridwa. Patapita miyezi iwiri, foni inalira mmamawa ali mu teksi: wina, kwinakwake, anachigula. Ndalama zake zinali masenti 10 a ku America, zosakwana marandi awiri. Malipiro a m'nkhokwezi ndi otero kwa woyamba kumene. Kuyambira mu June 2020 Shutterstock imapatsa wojambula pakati pa 15 ndi 40 peresenti malinga ndi kuchuluka kwa zimene wagulitsa, ndipo pa 1 January aliyense amabwerera pa mlingo wapansi. Adobe Stock imapereka 33 peresenti. Ndalamazo sizitapidwa mpaka zitaunjikana kufika pa mlingo woikidwa, ndipo pa liwiro limeneli matayilosi sadzasiyidwa msanga. Wogulayo sadziwika, ndiponso sizidziwika ngati anafufuza ndi mawu akuti dried fish kapena ndi ena aja.

Loweruka anakawauza mayiwo. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kuitana mnzawo wogulitsa tomato kuti amve kuti manja awo agulidwa marandi awiri ku Ulaya. Kenaka anafunsa kuti pa chithunzipo analembapo chiyani. Mnyamatayo anatulutsa foni n'kuwawerengera mawu onse, a Chingerezi ndi a Chichewa, mpaka anafika pa usipa.

"Usipa?" Mayiwo anatola kansomba kamodzi pa mulu n'kumuonetsa pafupi ndi maso. "Inu a ku Ntcheu nsomba mumaidziwira m'mbale basi. Uyu ndi bonya, bambo. Usipa weniweni ndi uwo uli apowo, taonani kukula kwake."

Mnyamatayo anakhala pa mwala pambali pa thumba, n'kutsegula tsamba la chithunzicho kuti awonjezere mawuwo. Anali atalemba 41, ndipo malo analipobe.